Mmene mungapezere kajambulidwe kanukanu

Achinyamata ambiri amene ayamba kujambula zithunzi za m'mabuku, makatuni kapena mapositala amafika pena pamene dandaulo lawo limakhala limodzi: "Kujambula ndimatha ndithu, koma zojambula zanga sizidziwika kuti ndi zanga." Lero chithunzi chikufanana ndi makatuni a ku Japan, mawa chikufanana ndi cha munthu wina amene amamutsatira pa Instagram. Chimene akufuna n'choti munthu akangoona chithunzi, asanawerenge dzina pansi, anene kuti ili ndi dzanja la uje.

Kajambulidwe kotere sikasankhidwa tsiku limodzi ngati chitenje pamsika. Ndi zizolowezi za dzanja ndi diso: mmene mumakhotetsera mzere, zimene mumazisiya osajambula, mitundu imene mumabwererako kawirikawiri, chinthu chimene diso lanu limayamba kuona pa munthu. Zimaunjikana pang'onopang'ono, ndipo mwiniwake ndiye amachedwa kuziona. Komabe pali ntchito yoti muchite kuti zifulumire kuonekera, ndipo ntchitoyo ili ndi poyambira pake.

Yambani ndi kope wamba la kusukulu ndi bolopeni. Buku lodula la zojambula limaopsa: umangoliyang'ana, kuopa kuliwononga, chaka n'kutha lili ndi masamba atatu okha ojambulidwa. Mapepala a A4 olembedwa mbali imodzi amene amatayidwa m'maofesi nawonso ndi abwino. Bolopeni ndikuitchula dala chifukwa siifufutika. Pensulo ndi labala zimakuzoloweretsani kukonza mzere umodzi kakhumi. Bolopeni imakukakamizani kuganiza musanaike mzere, ndipo mukalakwitsa mumangopitirira pomwepo kapena kuyamba china pambali. Masamba olakwikawo musang'ambe. Muwafuna kutsogoloku. Pa tsamba lililonse lembani deti.

Mukatero tulukani panja. Kakhaleni pa depoti, pachigayo, pamjigo, pabwalo la mpira, pamene amaima akabaza. Jambulani anthu enieni mwachangu: masekondi 30 pa munthu mmodzi, kenako mphindi ziwiri, kenako zisanu ngati munthuyo wakhazikika. Pa masekondi 30 simungajambule nsidze ndi mabatani a malaya. Mumangogwira msana, mapewa ndi mwendo umene wanyamula thupi, ndipo zimenezo ndiye chithunzicho.

Apa m'pofunika kuchedwapo, chifukwa ndi pamene wojambula wa kwathu kuno amasiyanira ndi wojambula wa kwina. Mayi wosenza ndowa ya malita 20 khosi lake limauma, chibwano sichigwa, amayendetsa maso okha, ndipo kuyenda konse kumachokera m'chiuno. Mayi wobereka mwana amawerama pang'ono, mfundo ya chitenje ili pachifuwa, timapazi ta mwana titatulukira m'mbali. Wakabaza akafika pachitunda amadzuka pachishalo, thupi lonse n'kugwera mbali ya phazi lopondalo. Agogo akakhala pamphasa amatambalala miyendo msana uli njo, kakhalidwe kamene wachinyamata wozolowera mpando sangakapirire mphindi khumi. Zoterezi simuzipeza m'mavidiyo ophunzitsa kujambula a pa YouTube, chifukwa ambiri amapangidwa kumayiko kumene anthu sasenza madzi. Mavidiyowo ndi othandiza pa zina, koma amakupatsaninso matupi, tsitsi ndi nkhope za kumeneko. N'chifukwa chake timaona anyamata aluso ndithu akujambula mtsikana wa ku Ndirande wa mphuno yosongoka, maso odzaza theka la nkhope ndi tsitsi louluka ndi mphepo, n'kungomupaka utoto wa bulauni pamwamba.

Khungu lakuda nalonso limafuna kuliyang'ana. Silikhala la mtundu umodzi thupi lonse. Pamphumi, pamasaya ndi pamphuno pamanyezimira, ndipo panja kunyezimirako kumatengako mtundu wa thambo. Dzuwa la masana limagwetsa mthunzi waufupi wolimba pansi pa chibwano ndi m'maso. Zikhatho ndi mapazi kunsi n'zoyererako. Tsitsi lolukidwa lili ndi njira zake zimene zimatsatira chigaza, ndipo mukazitsatira bwino mutu umaoneka wozungulira ngakhale musanaike mthunzi.

Ulemu musauiwale. Ngati mukufuna nkhope ya munthu mwachifatse, pemphani kaye: "Mayi, ndikuphunzira zojambula, mungandilole ndikujambuleni pakope pano?" Mukamaliza muwaonetse. Kuyang'anitsitsa munthu uku mukulemba m'kope osanena kanthu kumaputa mafunso amene simungawafune.

Chachiwiri n'chowawa pang'ono. Siyanitsani kajambulidwe ndi kulephera. Ngati anthu anu onse amabisa manja m'thumba kapena kumbuyo, ngati onse amayang'ana kumanzere, ngati mapazi nthawi zonse amabisika mu udzu, si kajambulidwe kanu ayi, ndi zinthu zimene mukuzithawa. Muyeso wake ndi wapafupi: mukanafuna kujambula mwanjira ina, mukanatha? Ngati simukanatha, simunasankhe. Tengani sabata imodzi ya manja okhaokha, dzanja lanu lomwe likhale chitsanzo, litagwira supuni, foni, khasu, ndalama. Sabata ina mapazi, a nsapato ndi opanda. Dziwaninso miyeso yoyambira: munthu wamkulu kutalika kwake kumakwana mitu yake isanu ndi iwiri kapena kuposerako pang'ono, mwana wamng'ono mitu inayi kapena isanu, ndipo maso amakhala pakati pa mutu, osati kumtunda kumene ambiri amawaika. Mukaidziwa miyeso imeneyi mutha kuiphwanya dala, kukulitsa mutu, kutalikitsa mikono, ndipo woona adzadziwa kuti mwachita dala.

Kenako sankhani aphunzitsi. Asakhale mmodzi, chifukwa wotsatira munthu mmodzi amangosanduka mthunzi wake. Sankhani atatu kapena asanu osafanana, ndipo asachokere onse pa foni.

Ku Dedza, m'mapiri a Chongoni, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO idawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira, zimene zimatchedwa za Akafula, zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi dothi loyera, ndipo zambiri zimaoneka ngati nyama yoonedwa kuchokera pamwamba, miyendo itatambasuka mbali zonse. Palibe mthunzi, palibe nkhope, koma nyamayo ili ndi moyo. Wojambula amene akuvutika ndi kuchulutsa mizere apite ku Chentcherere kapena ku Mphunzi akaone kuchepa kwa zimene zimafunika. Ku Mua, pa Kungoni, malo a chikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa mu 1976, nyumba ya Chamare imasunga zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Yang'anani mmene wosema amatengera chinthu chimodzi pankhope, kaya mano, chipumi kapena masaya, n'kuchikulitsa mpaka khalidwe lonse la chilombocho lidziwike muli patali. Phunziro lake ndi limenelo. Koma gule ali ndi eni ake ndi miyambo yake. Kutengapo nzeru ya kakulitsidwe ka nkhope n'kwina, kutenga chilombo n'kuchiika pa positala yotsatsa malonda n'kwinanso, ndipo chachiwirichi musachite mwachisawawa.

Palinso olemba zikwangwani za mabalabalashopu, magolosale ndi malo ogulitsira nyama, amene anthu ophunzira amawapeputsa. Iwowa amadziwa kuchititsa chithunzi kuwerengeka kwa munthu amene ali mu minibasi yothamanga. Chéri Samba wa ku Congo, amene zithunzi zake zimaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso ku Ulaya ndi ku America, adayambira pa ntchito yomweyi ku Kinshasa, pamodzi ndi makatuni, ndipo sadasiye kulemba mawu a Chilingala ndi Chifalansa mkati mwa zithunzi zake. Malangatana wa ku Mozambique, amene adamwalira mu 2011, ankadzaza chinsalu chonse ndi nkhope, maso ndi mano osasiya popumira. Ikani iyeyu pambali pa zoyera za ku Chongoni, muone kutalikirana kwa njira ziwiri zonenera za munthu.

Mukawasankha, koperani ntchito zawo, koma mokopera mwa kusukulu, kofuna kumvetsa. Pa chithunzi chilichonse dzifunseni ndi kulemba mayankho m'mphepete. Mzere wake ndi wonenepa mofanana paliponse, kapena umanenepa pokhota? Mitundu ilipo ingati mukaiwerenga? Mbali yakuda kwambiri waiika pati? Maso amawajambula bwanji, kadontho, kamzere kapena diso lathunthu? Wasiya chiyani? Funso lomalizali ndilo limaphunzitsa kwambiri. Kwa mphunzitsi aliyense tengani chinthu chimodzi chokha, wina mzere, wina mitundu, wina kayalidwe ka anthu patsamba. Zokoperazi ndi za m'kope mwanu. Kuziika pa Facebook ngati zanu ndi kuba, ndipo ojambula amadziwana.

Tsopano dzimangeni manja. Ili ndilo gawo limene ambiri amalidumpha, pamene ndi limene limabala msanga. Edward Saidi Tingatinga adayamba kujambula ku Dar es Salaam mu 1968 ndi zimene ankatha kupeza: penti yopakira njinga ndi zidutswa za bolodi. Ankajambula nyama imodzi yodzaza bolodi lonse, mitundu yowala, m'mbali mooneka bwino. Adamwalira mu 1972, patangotha zaka zinayi, koma mpaka lero kajambulidweko kamatchedwa ndi dzina lake. Esther Mahlangu wa ku South Africa amajambula mizere yowongoka ya Chindebele ndi nthenga za nkhuku popanda rula, ndipo mu 1991 adapenta galimoto ya BMW ndi kajambulidwe komwe adaphunzira kwa amayi ake ndi agogo ake pa makoma a nyumba. Onse awiri chida chidawaikira malire, iwo n'kupeza njira mkati mwa malirewo.

Inunso chitani zomwezo mwadala. Kwa mwezi wathunthu gwiritsani chida chimodzi: bolopeni yakuda yokha, kapena makala a pambaula, kapena burashi imodzi ndi inki, kapena mapepala amitundu odula ndi sizasi. Ngati mukufuna mitundu, itatu yokha, kuphatikiza kuyera kwa pepala. Musaitenge pa intaneti. Itengeni panja: kufiira kwa katondo, kutuwa kwa thengo mu Okutobala, kubiriwira kwa chimanga mu Januwale, mtundu wa malata a dzimbiri, buluu wa yunifolomu ya sukulu yotha ndi kuchapa. Ojambulira pa foni ndi ibisPaint X kapena Sketchbook, kapena pa kompyuta ndi Krita imene ndi yaulere, vuto lawo ndi kuchuluka kwa maburashi. Sankhani imodzi, zinazo muziiwale mwezi wonsewo. Ndipo lekani kukanikiza batani lobweza pa mzere uliwonse. Mzere wobwezedwa kasanu umatuluka wosalala koma wopanda mwini.

Masiku oyamba mudzanyansidwa nazo. Sabata yachiwiri mudzayamba kupeza timachenjera: mmene mungaonetsere khungu lakuda ndi bolopeni osadetsa nkhope yonse, mmene mungasonyezere chitenje cha maluwa ndi timizere tisanu. Timachenjera timeneti palibe amene wakuphunzitsani. Mwezi ukatha sinthani chida, muone kuti ndi titi tikukutsatirani ku chida chatsopanocho. Totsatirato ndi tanu.

Pali zoyeserera ziwiri zoti muzilowetse mkati mwa miyezi imeneyi. Choyamba, tengani chinthu chimodzi, tinene mbuzi, muijambule kakhumi ndi kawiri pa tsamba limodzi, ulendo uliwonse mosiyana: ndi mzere umodzi osanyamula bolopeni, ndi mizere isanu yokha, yakuda bii yopanda za mkati, ya makona okhaokha, yozungulira paliponse, ndi dzanja lamanzere. Imodzi kapena ziwiri zidzakukomerani pojambula, osati pongoyang'ana. Zindikirani kusiyanako, chifukwa kajambulidwe kamene kamakoma m'maso koma kotopetsa m'manja simudzakhala nako chaka. Chachiwiri ndi kujambula za m'mutu. Yang'anani munthu kapena malo kwa mphindi imodzi, tembenukani, jambulani osayang'ananso. Ubongo umataya zambiri n'kusunga zimene zakukhudzani. Wina amasunga kaimidwe, wina makwinya a zovala, wina kuwala. Chimene chimatsala mwa inu chikukuuzani mtundu wa wojambula amene muli.

Pakatha miyezi itatu yalani mphasa, muyale masamba onse motsata madeti, olakwika omwe. Imani patali. Musafunefune chokongola, funani chobwerezeka. Mwina anthu anu onse ali ndi mapazi akuluakulu olimba pansi. Mwina mumakonda kuona zinthu kuchokera pansi ngati mwana. Mwina simutseka mizere, mumasiya mipata. Itanani mnzanu, ngakhale wosajambula, mumufunse kuti ndi ziti zikuoneka kuti wajambula munthu mmodzi. Kawirikawiri amaloza zimene inu mumaziona ngati zilema. Pa zobwerezekazo sankhani zitatu zoti muzikulitse dala, ndi chimodzi kapena ziwiri zoti muzithetse chifukwa zikuchokera ku ulesi kapena kwa munthu amene mudamukopera. Lembani pa pepala limodzi malamulo anu a pakadali pano, monga akuti maso ndi timadontho, mthunzi ndi mtundu umodzi wosasakaniza, mzere wakunja ndi wonenepa kuposa wamkati. Lipachikeni pamene mumajambulira.

Malamulowo ayesedwe pa nkhani, chifukwa wojambula za m'mabuku ntchito yake si chithunzi chimodzi chokongola. Tengani nthano imene mukuidziwa pamtima, ya Kalulu ndi Fisi kapena ina iliyonse ya kwanu, muigawe m'zithunzi zisanu ndi zitatu. Musanayambe, jambulani Kalulu patsogolo, cham'mbali ndi kumbuyo, akuseka, akunama, akuthawa, ali ndi mantha. Kenako jambulani masamba onse asanu ndi atatu ang'onoang'ono, kukula ngati bokosi la machesi, kuti muone kayendedwe ka nkhani musanataye nthawi pa zokongoletsa. Apa ndi pamene kajambulidwe kabodza kamagwera. Kalulu wa patsamba loyamba ndi wa patsamba lachisanu ndi chimodzi ayenera kukhala kalulu mmodzi. Kajambulidwe kanu kayenera kutha kuonetsa usiku, mvula, khamu la nyama pamsonkhano, ndi nkhope yachisoni. Ngati kamangotha nkhope ya mtsikana woyang'ana kutsogolo, sikanakhwime. Ndipo ngati tsamba limodzi likukudyerani milungu iwiri, kumbukirani kuti mabuku a ana ambiri amakhala a masamba 24 kapena 32. Chepetsani mpaka mufike pa liwiro limene mungadye nalo.

Kuti muone mmene ena amachitira, pa webusaiti ya African Storybook pali mabuku a ana aulere ambirimbiri, ena a m'Chichewa, ndipo a Book Dash ku South Africa amasonkhanitsa wolemba, wojambula ndi woyala masamba kuti apange buku m'maola 12. Mabuku opangidwa mothamanga choncho amaonetsa poyera zimene wojambula amadalira nthawi ikamuthera.

Zithunzi za nthano zija kazichititseni fotokope yakuda ndi yoyera. Ntchito zambiri za kuno, mabuku a sukulu, timapepala ta zaumoyo ndi ta ulimi, zimasindikizidwa motchipa, ndipo chithunzi chodalira mitundu yokha chimasanduka phala. Ngati chikuwerengekabe pa fotokope, maziko ake ndi olimba. Wojambulira pa foni kapena pa kompyuta aziyamba ndi 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) pa kukula kwenikweni kwa tsamba, adziwenso kuti mitundu yowala ya pa sikirini imazilala ikafika pa makina osindikizira a CMYK (a inki za mitundu inayi), makamaka buluu ndi wobiriwira.

Mukatero kazionetseni kwa mwana wa sitandade 2 popanda kumuuza nkhani. Mufunseni kuti, "Iwe, apa chikuchitika n'chiyani?" Akanena kuti Fisi akuvina pamene inu mumati akugwa, vuto ndi la chithunzi. Mwana sakunyengererani. Za pa Facebook muzizitenga mosamala. Anthu kumeneko amakonda kwambiri nkhope ya munthu wotchuka yojambulidwa ndi pensulo mpaka kufanana ndi ya kamera, ndipo ndemanga za "luso ili ndi lochokera kumwamba" zimakoma. Luso limenelo ndi lenileni, koma likakukokani mudzatha zaka mukukopera zithunzi za kamera, ndipo pamenepo dzanja lanu mulibe. Wofalitsa mabuku safuna munthu wopikisana ndi kamera. Amafuna woti amupatse ndime ya mawu, iye atulutsemo anthu.

Posonkhanitsa zoonetsa kwa ofuna kukupatsani ntchito, ikani zithunzi khumi kapena khumi ndi ziwiri za dzanja limodzi, mwa izo mukhale masamba otsatizana a nthano ija, ana, akuluakulu, nyama ndi malo. Musaikemo chithunzi cha kajambulidwe kamene simukufuna kukachitanso, ngakhale chikhale chokongola bwanji, chifukwa chimenecho ndicho adzachiloze. Adzabweranso ena ndi chithunzi cha pa Pinterest kapena chopangidwa ndi AI (kompyuta yodzipangira zithunzi) n'kunena kuti, "Achimwene, mutipangire chonchi." Ndalama ikafunika mutha kuvomera, ntchito ndi ntchito, koma afunseni chimene chawakopa pa chithunzicho. Nthawi zambiri ndi mitundu kapena nsangala za nkhope basi, ndipo zimenezo mutha kuwapatsa m'kajambulidwe kanu.

Musadabwe malamulo a papepala aja akayamba kukuthinani pakatha chaka. Hokusai wa ku Japan adabadwa mu 1760, adasintha dzina lake la ntchito maulendo pafupifupi 30 pamene kajambulidwe kake kankasintha, ndipo zithunzi zake zotchuka za phiri la Fuji adazipanga ali ndi zaka za m'ma 70. Miyezi itatu iliyonse yalaninso mphasa ija, fufutani lamulo limene lafa, lembani latsopano. Chokhacho, musasinthe pakati pa buku la munthu.

Dzanja likayamba kudziwika limayambanso kubedwa, choncho sainani ntchito iliyonse, sungani mapepala oyamba ndi mafayilo aakulu, ndipo pa intaneti muziika ang'onoang'ono okha. Musanayambe ntchito ya munthu mugwirizane polemba, ngakhale pa WhatsApp, za kuchuluka kwa zithunzi, maulendo amene angakubwezeni kuti mukonze, kumene zidzagwiritsidwe ntchito, ndiponso ngati akugula chilolezo chozigwiritsa ntchito kapena umwini wonse, chifukwa mitengo yake ndi yosiyana. Malawi ali ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira zimenezi. Pitani mukafunse za kalembera musanapereke buku lanu loyamba kwa wosindikiza.